Mimba Imene Anandipatsa Anthu a ku Kapata

Nditayamba kulandira mankhwala a khansa ya bere, kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, sindinauze aliyense kupatula amuna anga. Mankhwalawo, a kemo aja olowera m'mitsempha, ankandisanzitsa m'mawa, ndipo fungo la anyezi sindinkafuna n'kulimva komwe. Tsitsi litathothoka ndinkangomanga duku. Koma amayi oyandikana nafe, ogulitsa vitumbuwa, ankamva zonse kuseri kwa mpanda.

Tsiku lina atandiona ndi chikwama anandifunsa za ulendo. Ndinawayankha kuti ndikupita ku Lusaka kukajambulitsa sikani. Iwo sikani ankaidziwa ya amayi oyembekezera basi. Ine apo n'kuti ndili ndi zidzukulu zinayi.

Kuchipatala, dokotala wachitsikana anandipaka mafuta ozizira pabere n'kumayendetsapo kachipangizo kake, maso ali pakanema. Ine ndinkangoonapo mitambo yakuda ndi yotuwa. Amuna anga, amene anakalambira paukalaliki, anavala magalasi n'kumagwedeza mutu ngati akumvetsa. Analoza chinthu china n'kunena modandaula kuti chakula. Dokotala anawauza mwaulemu kuti imeneyo ndi nthiti.

Kenako anaika chithunzi cha miyezi itatu yapitayo pambali pa chatsopano.

"Amayi, poyamba chotupachi chinali ngati dzira la nkhuku. Lero chili ngati nsawa. Mankhwala akugwira ntchito."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, koma isanagwe amuna anga anafunsa ngati akunena nsawa yosenda kapena yamakoko. Dokotala anaganiza kaye, nati yamakoko.

Titabwerera ku Chipata, Lamlungu kutchalitchi azibambo ankawagwira chanza amuna anga mwamphamvu zachilendo. Mkulu wina wa mpingo anawatengera pambali n'kuwanong'oneza kuti amuuzeko mtengo umene amamwa. Iwo, poganiza kuti nkhani ndi ya chotupa, anayankha monyadira kuti mitengo ayi, zonse n'zakuchipatala, ndipo chinthucho chikucheperachepera.

"Chikuchepa? Ndiye inu mukusangalala?" anafunsa mkuluyo.

Masana ake amayi a vitumbuwa aja anabwera ndi matewera awiri ndi kachipewa koluka. Ndinawakhazika pampando, n'kuvula duku. Anayang'anitsitsa mutu wanga wosalalawo, kenako matewera ali pamiyendo pawo, n'kuyamba kulira. Ine kuseka kunandigwira mpaka m'mimba kuwawa, iwonso anatsatira.

Mwezi wotsatira ndinapita ku opareshoni. Nditabwerako, amayi omwewo ndi amene ankakhala pakhomo panga ndi beseni ndi sopo, n'kumabweza aliyense wobwera kudzandiona akutsokomola, ngakhale abusa.