Bwato pangolo, ine kutsogolo

APhiri amuna anga, lero pa Nathenje padutsa galimoto ikukoka boti, kalavani yake ikudzandira ngati woledzera. Basi ndakukumbukani.

Kale lija m'ma 1950, titangokwatirana kumene, munakweza bwato pangolo ku Mitundu kupita nalo kumtsinje. Linalemera kumbuyo, goli n'kunyamuka, zingwe n'kuyamba kuthina ng'ombe pakhosi. Munati, "Anabanda, takhalani kutsogoloku." Nditangokhala, goli linatsikira pamalo pake. Ine kupsa mtima: "Kodi munakwatira mkazi kapena mwala?" Munaseka mpaka chipewa kugwa, n'kuti, "Popanda inu ngoloyi singayende."

Chichokereni inu pakhomo pano papendekeka, aPhiri, ndipo ndasowa womuuza kuti akhale kutsogolo.