Ndowa ya dothi la a NyaTembo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga amene ankacheka matabwa ku Luwawa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndinatsika basi pa Mzimba Boma ndi khadi la chipani m'thumba, Chitumbuka osadziwa ngakhale moni. Malume anandipereka kwa mnzawo, a Mkandawire, kapitawo wa dimba lomwe linkadyetsa ana a sukulu ina yogonera konko. A Mkandawirewo anandiyang'ana m'manja, osati kumaso.

"Nazale ya tomato ndi yako," anatero. "Ikafa, mbwenu basi ya kwanu ku Ntcheu ukuidziwa."

Dothi la nazale tinkalisefa, kulinyowetsa, n'kuliphika mumgolo wodula pakati kuti matenda afe. Likazizira tinkaliyala pabedi, kulemba timizere ndi kamtengo, kufesa, kuphimba ndi udzu, n'kumathirira ndi keni ya timabowo kukamwa. Ine ndinkanyada nalo dothi lophikalo. Ndinkaliona ngati mbale yotsuka bwino.

Mbande zinamera mokongola. Kenako kunachita mitambo ndi kamvula kowaza kwa masiku angapo, ndipo m'mawa wina ndinazipeza zagona. Tsinde lililonse linali litaonda pamene limakhudza dothi, ngati wina walitsina, ndipo kachuku koyera kanali katayanga pansi. Mbewu yotsala inali yofesa kamodzi kokha. Ndinayamba kuganiza za basi ija.

A Mkandawire anagwada, n'kufikisa dothi m'zala. "Chukuchi chapeza nyumba yopanda anthu. Pophika paja tinapha adani ndi alonda omwe." Anandiuza kuti ku Luwawa mbande za paini zinkapinimbira mpaka atazithirira dothi la pansi pa mitengo ya paini yakale. Ndiye anandipatsa ndowa. M'mbali mwa mtsinje munali dimba la mayi wina wamasiye, a NyaTembo, amene tomato wawo sankagwa ngakhale wa anzawo atatheratu. Anati ndikapemphe dothi la pamizu ya tomatoyo.

Ngakhale kwathu ku Ntcheu, wotapa dothi m'munda mwa mnzake amadziwika kuti ndi wokawa, woba zokolola m'matsenga. Nanga ine mlendo, ndi ndowa yathunthu? Koma ntchito ndinkaifuna, choncho ndinapita.

Ndinawapeza a NyaTembo akudulira tomato wawo nthambi. Ndinanjuta, n'kupereka moni wanga wopotokapotoka, n'kunena chomwe ndadzera. Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Dothi langa? Iwe mwana iwe, wakutuma ndani? Masana ghanoghano ufuna undikawe ndikupenya?"

Anakuwa m'Chitumbuka, ndipo anthu anatuluka m'madimba oyandikana, makasu ali m'manja. Wina anandilanda ndowa n'kuinunkhiza. Ndinayesa kufotokoza, koma Chichewa changa chomwe chinandithawa. Mwamwayi a Mkandawire anali atanditsatira panjinga, ngati kuti ankadziwa. Anavula chipewa n'kukhala pansi, padothi pomwepo.

"Amama, chipanda cha chambiko mumachitsuka mpaka mbee?"

"Yayi. Mkaka sungagwire."

"Nanga mnzanu akapempha pang'ono kuti ayambire chake, chanu chimasiya kugwira?"

A NyaTembo anayang'ana ndowa ija. Kenako anati dothilo akumba okha, asenza okha, ndipo akathira okha, kuti aone kumene likupita. Tomato wawo akafota chaka chimenecho, adziwa khomo logogoda. Ponena zimenezi ankayang'ana ine.

Ndowa imodzi sinakwane bedi lonse. Anawaza dothi lawo lakudalo pa theka la bedi latsopano, ife n'kusakaniza ndi khasu laling'ono, ndipo theka linalo linatsala ndi dothi lophika lokhalokha. Tinafesa mbewu yomaliza ija mbali zonse ziwiri.

Nyengo sinasinthe. Mbande zitatulutsa masamba, chuku chinabweranso, n'kuyambira kumapeto kwa dothi lophika, kugwetsa mzere ndi mzere. M'mawa uliwonse ndinkafika ndili ndi mantha kuti lero chawoloka. Koma chitafika pamene panathera dothi la a NyaTembo, chinaima. Malire ake anali ngati wina wakoka chingwe: uku zogona, uku zoimirira, zobiriwira, tsinde lonenepa.

Ndinagwada pamalire paja. Ndinatapa dothi la mbali yamoyoyo n'kuliyandikitsa kumaso, kufuna kuona amene akumenya nkhondoyi. Sindinaone kanthu. Linkangonunkhira ngati mvula yoyamba. Patapita zaka, alangizi anandiuza kuti ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pamizu, tomwe timatsekereza chuku. Dzinalo ndinaliphunzira, koma kudabwa kuja sikunandichoke. Ndalima tomato moyo wanga wonse, ndipo sindifesa ndisanathire dothi la pamalo pomwe mbewu zakhala zathanzi. Ndikalifuna kwa mnzanga, ndimapempha masana, anthu akuona.

Basi ya ku Ntcheu sindinaikwere. Tsiku lowokera, a NyaTembo anabwera ndi dengu, tomato wawo atabereka monga mwa masiku onse. Anadzizulira mosamala mbande zina za mbali imene anathira dothi lawo ija, chibuluma cha dothi chili kumizu, n'kundipatsa dengulo kuti ndiwatwike pamutu.

"Yewo, mwana wanga," anatero. "Dothi langa likubwerera kwawo, ndipo likupita ndi ana."