Malona a Mai Rosita

Pa Kalomwe, m'boma la Angónia kumalire ndi Malawi, mukafunsa za Mai Rosita, aliyense akulozerani khonde lomwe pamalira makina osokera. Kusoka anakuphunzirira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, akadali mtsikana, akuika zigamba pamatenti. Atabwerera kwawo analima mbatata ngati anzawo, koma mtima unali pansalu.

Chaka china anaganiza zothandiza amuna onyamula ufa ndi nyemba panjinga, amene katundu wawo amanyowa nthawi yadzinja. Ankasoka masaka apulasitiki pamodzi n'kuwapaka tinta, penti wamafuta uja, kuti akhale lona yophimbira katundu. Koma asanapake tintayo ankayamba akwecha kandulo pasaka lonse, monga ankachitira pamatenti odontha. Kumsasa phula silinawagwiritsepo mwala, ndiye akanalikayikira bwanji?

Mvula yoyamba inawavula. Tinta anasupuka ngati khungu la njoka, ndipo matumba a ufa a Bambo Policarpo, mkulu wa anjingawo, anafika ali phala. Bamboyo sanakalipe. Anangonena kuti awapatsa mpata umodzi wokha, ikakanikanso gulu lonse lizikagula malona ku Dedza. Kumsika ana anayamba kuwatchula Mai Rosita kuti Amai Njoka. Zinawapweteka kwambiri, poti dzina lawo pamalirepo analimanga ndi singano.

Anawonjezera kandulo, zinthu zinangoipiratu. Mwana wawo Alzira, amene amaphunzira ku Tete, atabwera kudzacheza anawapeza akukwechabe ndi nkhope yakugwa. Amaiwo sankafuna kufunsa nzeru kwa mwana yemwe anamubereka okha, koma safunsa anadya phula, choncho anameza manyazi.

Alzira anafotokoza kuti kufabrika, komwe amapanga malona, nsalu zotere amazidutsitsa m'makina a plasma, momwe mpweya woyaka ndi magetsi umanyambita pamwamba pake, kuti tinta apeze pogwira. Anati lawi lamoto nalonso limachita zofanana. "Inu mukuiterereretsa nsalu, amai. Imafunika ikhale ndi ludzu."

Makina otero pa Kalomwe kunalibe, koma kuwaula nkhuku Mai Rosita ankakudziwa. Anataya kandulo, nakoleza moto wa zitsononkho. Saka loyamba linakwinyika n'kubooka, lachiwiri chimodzimodzi, mpaka khonde lonse linanunkha pulasitiki ndipo oyandikana nawo ankaseka poyera. Kenako dzanja linazolowera kudutsitsa saka mwachangu, lawi lingolipsompsona. Atadonthezapo madzi, dontho silinagubuduke monga kale, linayala. Anapaka tinta tsiku lomwelo, ndipo atauma anamukanda ndi chikhadabo, osachoka.

Bambo Policarpo anatenga lona imodzi mokayika, nanyamuka ulendo wokatenga ufa ku Domwe. Masana kunagwa chimvula chosaona nacho tsidya la msewu. Mai Rosita anakhala pakhonde manja ali m'khosi, makina ali zii.

Mvula itakata, bamboyo anatulukira ali chinyowere, matope mpaka m'mawondo. Anaimika njinga pamaso pa anthu, namasula zingwe, napisa dzanja m'thumba. Ufa unauluka ndi mphepo.

"Amai," anatero, "wanyowa ndine ndekha. Mundisokerenso ina yoti ndizivala."

Mai Rosita anaseka mpaka misozi. Dzina la Amai Njoka silinathe ayi, koma lero amalilemba okha ndi tinta wofiira pangodya ya lona iliyonse, ndipo mvula ya ku Angónia yalephera kulifufuta.