Mayi Chotsani ndi Zitsulo za Alamu Awo

Dzina lakuti Mayi Chotsani sanalipemphe. Linawamatirira chaka chomwe anayamba ntchito yoyendera za ukhondo ku khonsolo, chifukwa kulikonse kumene ankafika, mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali amenewo. Wina waunjika mchenga pakati pa msewu, chotsani. Wina wamanga khola la nkhumba pansi pa windo la mnzake, chotsani. Ngakhale ana awo enieni ankati akamva geti likulira madzulo, ankakodolana kuti a Chotsani afika, nsapato zichoke pakhomo.

Sanayambire mu ofesi ayi. Anayamba ndi tsache, kusesa mumsika anthu asanayale malonda, ndipo anasesa zaka zambiri mpaka kudziwa fungo la ngalande iliyonse m'tauniyo. Sukulu anaimaliza ali kale ndi ana, akuwerenga pa nthawi yopuma atakhalira ndowa. Atakhoza mayeso anawapatsa yunifolomu yabuluu, chipewa, ndi mphamvu. Mphamvuzo bwana wawo anazitchula mokweza tsiku loyamba: kuchenjeza munthu wosowetsa anzake mtendere, kumulipiritsa chindapusa akapanda kumva, ndipo akaumitsabe khosi, kumulanda chinthu chosautsa anthucho. Chimene bwanayo sanatchule n'chakuti khonsolo yonseyo inali ndi lole imodzi, nkhalamba yotheratu, imene masiku ambiri inkakhala kuseri kwa ofesi itatsamira pa njerwa.

Ntchitoyo inawatopetsa ndi anthu kuposa ndi zinyalala. Munthu amabwera ku ofesi atafiira maso, akumenya tebulo kuti khonsolo ikugona. Ukanyamuka naye kukaonana ndi wolakwayo, yemwe uja amayamba kuyang'ana zala zake. Udani wonse umatsalira iwe wa yunifolomu.

Tsiku lina m'mawa kunabwera namwino, akadali m'zovala za ntchito, zikope zikulemera.

"Mayi, ine ndimachezera ku chipatala, masana ndiye nthawi yanga yogona," anatero namwinoyo. "Koma kuseri kwa chipinda changa munthu watsegula malo owotcherera zitsulo. Makina odulira aja akayamba, mano amachita kuyabwa. Jenereta utsi wake umalowera pa windo langa. Zidutswa za zitsulo akutaya mu ngalande. Ndawadandaulira, angondiseka, ati ndigule thonje nditseke m'makutu."

"Pali pati pamenepo?"

"Msewu wa kuseri kwa sukulu, nyumba ya mpanda wa malata, pali mtengo waukulu pakhomo."

Mayi Chotsani anaika cholembera pansi. Mtengo umenewo ankaudziwa. Anakhalapo pamthunzi pake kambirimbiri, chifukwa nyumbayo inali ya alamu awo, achimwene enieni a amuna awo.

Namwino atatuluka, iwo analunjika kwa bwana kukapempha kuti nkhaniyo aipereke kwa wina. Bwana sanadzutse n'komwe mutu.

"Dera limenelo ndi lanu. Komanso ngati ndi alamu anu, ndiye bwino kwambiri, akumverani msanga."

Akumverani msanga! Munthu amene sanamverepo dokotala, m'busa, ngakhale mkazi wake.

Anapita masana a tsiku lomwelo. Phokoso analimva akadali pa sukulu. Pabwalo panali mafelemu a mawindo, mabedi osamaliza, ndi geti lalikulu litagona pakati pa msewu moti njinga zinkachita kulambalala. Alamu aja anali chimunthu chachikulu, choseka ndi mimba, magalasi akuda atawakweza pamphumi. Atawaona anazimitsa makina.

"Mlamu! Mwatchena yunifolomu ngati mukupita ku perete. Khalani apa, tiyi alipo."

"Sindinabwerere tiyi, alamu. Anthu akudandaula."

"Anthu ake ati? Kanamwino kaja? Munthu wamkulu kugona dzuwa lili paliwombo, ndiye ife tisiye ntchito tizimuimbira nyimbo yogonetsa?"

Mayi Chotsani anafotokoza mwaulemu. Kuno ndi kokhala anthu, malamulo salola ntchito yotere. Khonsolo ili ndi mashedi a amisiri pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo ina ili yopanda munthu. Iwo eni atha kuwathandiza kuti aipeze.

"Ku depoti? Ine ndichoke pa malo a bambo anga, ndikakhale ndi ogulitsa matayala akutha?" Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Tandiuzani, mlamu, geti la kunyumba kwanu lija anawotcherera ndani? Tsiku limene lija phokoso silinakusokoseni?"

Kunyumba nkhani inawatsogolera. Amuna awo, munthu wofatsa wogwira ntchito yokonza mawotchi ndi maambulera, anadya chakudya chamadzulo, kenako anati motsitsa:

"Mayi a kuno, nkhani ya achimwene ija simungangoiika pansi pa mapepala ena? Ku khonsolo kwanuko zinthu zimasowa tsiku ndi tsiku."

"Ndiye ndiyambe kusowetsa ndi ine?"

"Sindikutero. Ndikungoti ndi achimwene."

"Ndikudziwa kuti ndi achimwene anu, bambo. Ndakhala m'banja muno zaka zonsezi, simukundidziwitsa lero."

Lamlungu kunatulukira apongozi, mayi wa amuna awiriwo, ndi ndodo yawo. Anakana mpando, anakana madzi, anakhala pa khonde.

"Mwana wanga, ndamva kuti ukufuna kulanda mlamu wako chakudya pakamwa."

"Ayi amayi, ndikufuna asamukire malo oyenera."

"Pamene unkasesa mumsika unali mwana womva. Chikupatsireni chipewacho, watiiwala."

Mayi Chotsani anafuna kuyankha kuti pamene ankasesa mumsika, apongozi omwewa ankauza anthu kuti mwana wawo wakwatira wotola zinyalala. M'malo mwake anangopita kukaika ketulo pamoto.

Kalata ya chenjezo anailemba ndithu, ndipo anakaipereka okha. Alamu anaikhoma pa msomali pafupi ndi kalendala, n'kumaonetsa makasitomala kuti aone mmene mlamu wawo amalembera bwino. Chindapusa chitabwera, anakalipira akuimba mluzu, pobwerera n'kugulanso makina ena odulira. Tsopano ankalira awiri.

Namwino anabweranso ku ofesi, ulendo uno osakhala pansi.

"Tamva kuti ndi alamu anu," anatero mokweza kuti ofesi yonse imve. "Mukanangotiuza poyamba, sitikanataya nthawi."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa a apongozi. Kunyumba ndi wankhanza, kuntchito ndi wokondera. Anakhala pa desiki akuyang'ana khoma, akudzifunsa chifukwa chimene anasiyira tsache.

Kenako kunagwa mvula yamphamvu. Ngalande ija, yodzaza ndi zidutswa za zitsulo, mawaya ndi mapepala okodwa m'menemo, inakana madzi. Madziwo analowa m'nyumba ya namwino mpaka m'miyendo ya bedi, analowanso m'kagolosale ka pakona n'kunyowetsa shuga ndi sopo. M'mawa mwake msewu wonse unali ku khonsolo, aliyense akulankhula nthawi imodzi. Mayi Chotsani analowa kwa bwana osagogoda.

"Ndikufuna lole."

"Ilibe batire."

"Mubwereke."

"Tayala lina ndi lophwa."

"Ndipopa ndekha, bwana."

Panapita masabata. Batire itapezeka, dalaivala anali ku maliro. Dalaivala atabwera, kunalibe mafuta. Koma tsiku linafika ndithu, ndipo lole ija inatuluka pa geti la khonsolo ikutsokomola utsi, Mayi Chotsani ali kutsogolo, amuna awiri onyamula katundu ali kumbuyo.

Pofika, anthu anali atadzaza kale msewu. Alamu anaima pakhomo atapinda manja, osakhulupirira. Onyamula katundu anakweza jenereta, makina owotcherera, ndi odulira onse awiri. Apo ndi pamene anthu aja anayamba kutembenuka. Wa golosale yemwe uja, amene anakuwa kwambiri ku ofesi za shuga wake, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Komatu izi ndiye nkhanza. Munthu ali ndi ana." Mayi wina anavomera kuti khonsolo imangolimbana ndi amphawi. Mayi Chotsani anawayang'ana mmodzimmodzi, anthu amene anawadzazira ofesi ndi matope a kumapazi. Anakwera lole n'kuuza dalaivala kuti tiyeni.

Lole inayenda pang'ono chabe. Tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje limene madzi aja anakumba, panamveka kuti thyo, ndipo chigalimotocho chinakhala pansi mbali imodzi, chopingasa msewu wonse. Dalaivala anatsika, anagwada, anasuzumira pansi, n'kudzuka akudzikanda m'mutu.

"Mayi, chitsulo chogwira tayala chathyoka. Apa sitisuntha pokhapokha atawotcherera."

Msewu wonse unatembenukira kwa alamu. Iwo anakoka mgolo wopanda kanthu, anaukhalira, n'kupingasa miyendo.

"Musandiyang'ane ine. Zida ndilibe. Khonsolo yandilanda."

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Kumbuyo kwa lole kunali kutayamba kale mzere, galimoto ya buledi, ngolo ya njerwa, ndi minibasi ikuliza hutala osalekeza. Mayi Chotsani anaimbira bwana. Bwana anati aone chochita, iye ali pa msonkhano. Anaimbira makaniko wa khonsolo, foni yozimitsa. Anavula chipewa, anapukuta thukuta, anachivalanso.

"Tsitsani," anauza onyamula katundu.

Anatsitsa zonse. Alamu anadzuka mosafulumira, anavala magalasi awo, anauza dalaivala kuti achotse batire ndi kusuntha uku ndi uku, n'kulowa pansi pa lole ngati mfumu yolowa m'nyumba yake. Jenereta inalira, moto unathetheka, makina odulira anakuwa kuposa masiku onse, ndipo mwina ankachita dala. Namwino anatsegula windo, nsalu yogonera ili kumutu, n'kuona yunifolomu ya khonsolo itaima pambali ikudikira kuti phokosolo lithe bwino. Anatseka windolo mwamphamvu moti galasi linanjenjemera.

Atamaliza, alamu anatuluka akudzisasa fumbi. Anthu anaomba m'manja.

"Yesani, dalaivala. Chitsulo chimenecho chidzatsala lole yonse itawola." Kenako anatembenukira kwa Mayi Chotsani akumwetulira. "Ndiye mlamu, basi tathana, eti? Mupereke moni kunyumba."

Mayi Chotsani anayang'ana ngalande, imene inali ikadali yodzaza zitsulo. Anayang'ana windo lotseka lija.

"Zikomo kwambiri, alamu, mwatithandiza," anatero. Kenako kwa onyamula katundu: "Kwezani."

Kuseka kunazima. Onyamula katunduwo anayang'anizana.

"Ndati kwezani. Chenjerani, makinawo akutentha."

"Mlamu," anatero alamu, mawu atasintha, "mukunena zoona?"

"Zida zanu sindikukazitsekera ku khonsolo. Ndikukazitsitsa pa shedi ija ya ku depoti, kiyi mukamupeza kwa mlonda. Mukazibweza kuno, ndibweranso, ndipo ulendo umenewo simudzaziona. Ngalandeyi muitape musanachoke."

Wina m'gulumo anati mayi uyu alibe mtima. Iwo anamva, koma anakwera lole n'kukhala chowongoka mpaka atakhota pa sukulu. Apo ndi pamene anauza dalaivala kuti aime pang'ono, amwe madzi.

Bwana atamva, anawakalipira kuti katundu wolandidwa sapita ku shedi, amapita ku nyumba yosungira katundu ya khonsolo. Mayi Chotsani anamukumbutsa kuti nyumbayo denga lake linachoka chaka chatha. Nkhani inathera pomwepo.

Alamu anakhala masiku angapo osapita ku depoti, akuuza aliyense kuti adzafera pa malo a bambo awo. Njala itayamba kusuzumira m'nyumba, akazi awo anawaperekeza okha. Ngalande anaitapa theka, theka linalo anamaliza ndi anthu a khonsolo. Ku depoti ntchito inawachulukira, chifukwa mabasi amathyoka tsiku lililonse, koma zimenezo sanavomerepo pamaso pa munthu. Kwa Mayi Chotsani anasiya kulankhula. Apongozi moni ankapereka kwa mwana wawo ndi adzukulu, kuwatchula mayina mmodzimmodzi, n'kulekeza pomwepo. Namwino sanabwere kudzathokoza. Anakumana naye kamodzi pa msika, iye n'kunena kuti tsopano akugona, kungoti agalu a nyumba yachitatu akuuwa kwambiri, khonsolo ikuchitapo chiyani?

Amuna awo okha ndi amene tsiku lina, akukonza ambulera pa khonde, anati osadzutsa mutu, "Achimwene anenepa kuyambira pamene anasamuka."

Chaka chitatembenuka, apongozi anagonekedwa m'chipatala ndi vuto la miyendo. Mayi Chotsani ndi amene ankapita m'mawa uliwonse asanalowe ntchito, kukawasambitsa ndi kuwasintha zofunda. Loweruka lina masana anakumana ndi alamu pa benchi ya panja pa wodi. Anakhala uyu uko, uyu uko, chikwama cha zovala chili pakati. Patapita nthawi alamu anakonza kukhosi.

"Mlamu."

"Alamu."

"Ku depoti kuja kuli mnyamata wina wa matayala, shedi yoyandikana ndi yanga. Akumawotcha matayala akutha kuti atengemo mawaya. Utsi wake, mlamu, munthu sungapume. Ndamuuza, akungondiseka. Kodi khonsolo yanuyi imagwira ntchito yanji? Anthu tikuvutika inu muli phee."

Mayi Chotsani anatembenuka n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Munthuyo nkhope inali youma, sankaseka n'pang'ono pomwe. Panali zambiri zimene akananena, ndipo zonse zinafika pa lilime nthawi imodzi. Anatola chikwama chija n'kuimirira.

"Lero ndi Loweruka, alamu, ndabwera kudzaona amayi. Mubwere ku ofesi Lolemba, mudzakhale pa mzere."