Moto wa a Don Cleto

Eduviges Pineda ankaphika matotiya, timikate topyapyala ta ufa wa chimanga, pamsika wa mudzi wina wa m'mapiri a ku Honduras, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi anasunga mkwiyo umodzi wokha.

Mwana wake Nohemí ali ndi zaka zitatu, khutu lamanzere linayamba kumupweteka. A Don Cleto, mkulu amene ankachiza makutu m'mudzimo, anapinda nyuzipepala ngati fanulo, nalowetsa nsonga yake m'khutumo, nayatsa moto pamwamba, ati utsi ukoke mphepo yoipa. Anachita zimenezi kanayi. Mafinya atayamba kutuluka, anati ndi mphepo ija ikuchoka, ndipo analetsa mayiyo kupita kuchipatala. Mmene mwanayo ankafika kwa dokotala wa m'tauni, matendawo anali atawononga mkati. Khutulo silinamvenso.

Eduviges sanatukwane munthu. Chimene ankafuna chinali chakuti mkuluyo avomere pamaso pa anthu kuti moto wake suchiza. Analembetsa maphunziro a alangizi a zaumoyo, naphunzira kuunika m'khutu ndi katochi, kupukuta mafinya ndi kansalu koyera, ndiponso kuzindikira mwana wofunika dokotala. Mayi aliyense wogula matotiya ankafunsidwa za makutu a ana ake. Anthu anachepa pakhonde la a Don Cleto, koma mkuluyo ankangoti wophika aziphika.

Lachisanu lina mkuluyo anafika pakachipatala ka m'mudzi, pamene Eduviges tsopano ankathandiza ngati mlangizi, atanyamula mdzukulu wawo Wilmer, thupi litatentha, kuseri kwa khutu kutatupa. Eduviges anamuunika mwanayo nthawi yomweyo, natuma munthu kukaitana galimoto, pakuti kutupa kotero sikudikira mawa. Atatero anatembenuka, amayi khumi ndi awiri a pamzere akumvetsera.

"Mwayatsa kangati, a Don Cleto?"

"Kawiri, mayi," anayankha monong'ona.

"Kwezani mawu, madala. M'mudzi muno tili ndi ana amene samva bwino."

Mkuluyo anabwereza mokweza.

"Nanga mphepo yatuluka?"

A Don Cleto anayang'ana mdzukulu wawo, chipewa chili m'manja.

"Munalibe mphepo. Moto sunachize chilichonse."

Eduviges anakhala pansi mosafulumira. Analemba mawu amenewo pakalata yotumizira wodwalayo, pamodzi ndi dzina lonse la mkuluyo, ndipo anaiwerenga mokweza. Galimoto itafika, anapereka kalatayo m'manja mwa a Don Cleto, kuti akaipereke okha kwa dokotala.