Chijeremani cha Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anayamba kutiphunzitsa Chijeremani patsinde pa mtengo wa mango pomwe ankakonzera njinga ku Mlolo, m'boma la Chadiza. Ali mnyamata kwawo ku Mozambiki anatumizidwa kukagwira ntchito m'fakitale ku Jeremani. Atabwezedwa anapeza nkhondo, n'kuthawira kuno ku Chadiza, komwe anakwatira amayi.

Ophunzira tinali awiri, ine ndi msuweni wanga Felista. Atate ankatukula chitsulo ndi manja a girisi, ife n'kutchula dzina lake. Sipanala inali der Schlüssel, tcheni die Kette, wilo das Rad. Timawu takutsogoloto, der, die, das, tinkandizunguza mutu. Sipanala ikhala bwanji yamphongo, tcheni n'kukhala yaikazi?

"Kodi umati njinga uyu?" ankandifunsa atate. "Umati njinga iyi. Anakuuza chifukwa ndani? Khutu ndilo limadziwa."

Khutu la Felista linkadziwadi. Pofika nyengo yokumba nshawa anali atayamba kulumikiza ziganizo zazitali, zija mneni amakabisala kumapeto kwenikweni. Atate ankawomba m'manja, awiriwo n'kumaseka nthabwala zomwe ine sindinkamva. Kuseka kumeneko kunkandiwotcha pamtima. Kusukulu woyamba ndinali ine, ndipo atatewo anali anga, osati ake. Ndinayamba kudana ndi chilichonse cha Felista, ngakhale mayendedwe ake.

Tsiku lina masana ananena chiganizo chonse osapunthwa, atate n'kumusisita pamutu. Ndinaimirira misozi ili chuchuchu.

"Mutengeni akhale mwana wanu! Ine ndatopa nacho chilankhulo chanucho."

Atate anaika pampu pansi, nauza Felista kuti akatunge madzi. Kenako anapukuta zala pakansanza.

"Tamala, uli ndi mkulu wako ku Jeremani," anatero. "Dzina lake ndi Katrin. Ndinamusiya akukwawa, tsiku lomwe anatikweza ndege. Mawu akundithawa m'kamwa, mwanangu. Ndikapanda wolankhula naye adzatha onse. Nanga akadzabwera kudzandifuna, ndidzamulonjera bwanji?"

Sindiname, nsanje sinathe. Inangosamuka. Ndinasiya Felista n'kuyamba kuchitira nsanje mtsikana amene sindinamuonepo, amene atate ankamusungira chilankhulo chathunthu ngati mbewu ya chaka chamawa. Koma m'mawa mwake ndinabwerera pamtengo paja. Ndinkalakwitsabe, Felista n'kumandinong'oneza yankho, ine n'kulandira mokwiya.

Katrin sanabwere. Atate anamwalira akuyembekezabe, ndipo pamaliro Felista ndi ine tinayang'ana kumsewu kangapo, aliyense osamuuza mnzake.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikuona chomwe chinandiphonya. Ndinkayesa kuti atate akutiyika pasikelo kuti aone wolemera. Sankatiyesa ayi. Anali bambo woopa kuiwala mwana wake, ndipo aliyense wowayankha m'chilankhulo chija ankawapatsa tsiku lina lokhalabe atate a Katrin.