Lilime lobwereka

Malemu a Chikopa, amene anandiphunzitsa kupanga vinyo wa malambe ku Nsamala, ndinawanamiza kamodzi kokha, koma mpaka lero zimandidya mumtima.

Atayamba kudwala, mankhwala anawapha lilime moti mchere ndi shuga ankazimva chimodzimodzi. Tsiku lina anatsegula chigubu cha vinyo amene anakonzera ukwati wa mphwawo ku Nkaya, n'kundithirira m'kapu.

"Talawani, achimwene. Ali bwanji?"

Vinyoyo anali atasasa ngati viniga. Manja awo onjenjemera sanamange bwino chivindikiro, ndiye mpweya unalowa. Ndinayang'ana mmene anaondera, n'kumeza vinyoyo misozi ikulengeza.

"Iyayi, uyu ndiye vinyo," ndinatero. Chitsiru ine, ndinapemphanso kapu yachiwiri.

Kuukwatiko anthu ankakalavulira kuseri kwa tenti. Mayi wina anafunsa mokuwa ngati a Chikopa ayamba kugulitsa mankhwala a njoka za m'mimba. Ine ndinali pomwepo, ndikunamizira kumanga nsapato.

A Chikopa anamwalira chaka chomwecho mvula isanagwe, osandikalipirapo. Zimene ananena ndi zokhazi, tili m'sitima pobwerera kuchokera kuukwatiko, maso ali pawindo:

"Langa linafa, achimwene. N'chifukwa chake ndinabwereka lanu."